Asilikali a mtovu a zisoti zofiira: ndiwapente kapena ndiwasiye?

Funso lachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Leicester, ku England. Alemba motere:

"Mwezi watha ndinagula katoni ya zidole zakale pa car boot sale, msika umene anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'mabuti a galimoto. Munali asilikali achitsulo osiyanasiyana, koma asanu ndi atatu ndiwo anandigwira mtima: anthu akuda, ovala khaki ndi zisoti zofiira, mfuti zili paphewa. Kunsi kwawo kwalembedwa dzina la Britains, ndipo wogulitsayo anati ndi a King's African Rifles (KAR). Malemu agogo anga anali a KAR, anakamenya nkhondo ku Burma. Ndinamva kuti asilikali ochokera ku Nyasaland ankavala zisoti zakuda, ndiye ndagula kale penti kuti ndikonze. Vuto lina ndi lakuti awiri mwa iwo akutuluka ufa woyera m'miyendo. Mayi a kunyumba akuti bambo wa ndevu zake sasewera ndi zidole, komanso akuopera ana. Kodi ndiyambe kusonkhanitsa zinthu zimenezi? Nanga muli phindu?"

Bambo, pentiyo ibwezeni kaye m'thumba. Mwafunsa zambiri ndipo zonse tizifika, koma pa zonsezo kupenta kokha ndiko simungadzabweze mukachita. Msilikali wakale akangopakidwa penti yatsopano sabwereranso mmene analili, ngakhale mutamupereka kwa mmisiri wodziwa chotani.

Tengani mmodzi mumuike pachikhatho. Mumva kuti ndi wopepuka kusiyana ndi mmene chitsulo cha msinkhu umenewo chiyenera kulemerera. Kenako yang'anitsitsani pamwamba pa mutu, pamene nthawi zambiri pamakhala kabowo kakang'ono. M'kati mwa msilikaliyo mulibe kanthu. Umu ndi mmene William Britain wamng'ono, wa kampani ya Britains, anayambira kupanga asilikali ku London mu 1893, njira imene amaitcha hollowcast. Mmisiri ankagwira chikombole m'manja, n'kuthiramo mtovu wosungunuka, n'kudikira kanthawi kochepa zedi kuti wa m'mbalimbali uume, kenako n'kupendeketsa chikombolecho kuti wa pakati, umene ukadali wamadzimadzi, ubwerere mumphika kudzera pa kabowo kaja. Chotsala chinali chigoba chokha. Izi zisanachitike msika unali m'manja mwa Ajeremani. Ku Nuremberg ankapanga asilikali athyathyathya, opyapyala, oti ukawayang'ana chakutsogolo sakuoneka n'komwe, ndipo ku Dresden kampani ya Heyde inkaumba olemera, odzaza mtovu thupi lonse. A Britains atachepetsa mtovu pa msilikali aliyense mtengo unatsika, ana a ku England anayamba kugulidwira asilikali ovala mayunifomu a kwawo, ndipo msinkhu umene iwo anasankha, mamilimita 54, ndi umene mpaka lero anthu amayesera zidole zina zonse za asilikali.

Penti imene mukufuna kuiphimbayo inapakidwa ndi dzanja, makamaka ndi amayi, ena ali kufakitale ena ali kunyumba kwawo, akulipidwa malinga ndi kuchuluka kwa amene amaliza. Afoletseni asanu ndi atatuwo pathebulo pafupi ndi windo. Muona kuti sakufanana ndendende: wina diso lakwera pang'ono, wina lamba wapindika, wina kufiira kwa chisoti kwadonthera pachipumi. Osonkhanitsa akamapikisana pa okushoni amakhala akugula zimenezo. Mtovu wokhawo ulibe mtengo. Ndipo mmene penti yasupukamo, pansonga ya mfuti kapena pachigongono, ndi mmene zala za mwana zinkagwira zaka zambiri zapitazo. Osonkhanitsa enieni amalandira zimenezo popanda kudandaula, koma akangoona kuti wina wadutsamo ndi bulashi yatsopano mtengo umagwa kwambiri, ena safunanso n'komwe.

Ngati ndi a Britains enieni, ndiye kuti ndi a bokosi la nambala 225, King's African Rifles, limene linayamba kugulitsidwa mu 1925. Asilikali oyenda pansi ankabwera asanu ndi atatu m'bokosi, okwera pa akavalo asanu, choncho n'kutheka kuti mwapeza gulu lathunthu, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri m'makatoni otere. Pa asilikali ambiri a Britains oguba, mkono wogwira mfuti umazungulira pa kachitsulo ka paphewa. Ukakhala wolimba musaukakamize, ndipo ukakhala kuti ukuyenda musamauseweretse, chifukwa pamenepo ndi pamene pamayambira kuthyoka. Kampaniyi inasiya kupanga asilikali a mtovu a mtundu umenewu mu 1966, pulasitiki itatenga msika komanso malamulo okhudza mtovu pa zidole za ana atayamba kukhwima. Ndiye ngakhale wamng'ono kwambiri mwa asanu ndi atatuwo anadutsa kale zaka 50.

Za chisoti chakuda munamva zoona. KAR inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Pa perete, asilikali a kwathu ankavala zisoti zakuda, pamene a mabataliyoni ena ambiri a kum'mawa kwa Africa ankavala zofiira. Choncho zofiirazo si kulakwitsa kwa fakitale. Ndi a KAR ndithu, kungoti si a ku Zomba. Koma tinene kuti mwazipenta zakuda: kodi agogo anu mwawapeza? Ayi. Chisoti chachitalicho chinali cha pa perete. Ku Burma mu 1944, gulu la 11th East African Division, mmene munali mabataliyoni a ku Nyasaland, linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosaleka, m'matope, malungo ndi matenda ena akugwetsa anthu tsiku ndi tsiku, mpaka linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Kumeneko msilikali ankavala zobiriwira ndi chipewa cha khonde lalikulu, kapena chisoti chachitsulo. Munthu wovala chisoti chachitali cha perete m'nkhalango imeneyo sakanachedwa kuonedwa ndi Mjapani. Mukapenta, muwononga chidole cha zaka pafupifupi 100 kapena 70, koma chimene mutulutse sichikhala cha Britains ndiponso sichikhala agogo anu.

Apa ndi pamene anthu ongoyamba kumene amasokoneza ntchito ziwiri zimene zimangooneka ngati imodzi. Pali kusunga zidole zakale, kumene ntchito yako ndi kusasintha kanthu: umagula, umaphunzira mbiri yake, umateteza ku chinyezi, basi. Ndiye pali kupanga chifaniziro cholondola cha msilikali wa nthawi inayake, kumene umagula zatsopano zosapenta, umadula, umamata, umapenta mpaka lamba aliyense akhale pamalo pake. Munthu mmodzi angathe kuchita zonse ziwiri, ndipo inuyo ndikuona kuti mtima wanu ukufuna zonse. Chofunika ndi chakuti bulashi ya ntchito yachiwiriyi isakhudze asilikali a ntchito yoyamba.

Ndiye ngati mukufuna agogo anu pashelefu, apangeni kuchokera ku zatsopano. Njira yotchipa imene ndimalangiza ndi asilikali apulasitiki a kampani ya Airfix a msinkhu wa 1:32 (kutanthauza kuti munthu weniweni wachepetsedwa ka 32), amene amalingana bwino ndi a mamilimita 54. Pali bokosi la asilikali a ku Australia a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ovala zipewa za khonde ndi zovala za m'nkhalango. Sankhani ogwira mfuti ya Lee-Enfield kapena Bren, zimene a KAR ankagwiritsanso ntchito. Amene agwira kamfuti ka Owen, kamene magazini yake imaima pamwamba, asiyeni pambali chifukwa kameneko kanali ka Aaustralia. Pulasitiki yofewayi imakana penti, ndiye yambani mwawatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta a kufakitale achoke, muchotse timizere ta chikombole ndi mpeni wakuthwa, kenako mupake primer, penti yoyamba yothandiza kuti ina igwire, musanayambe mitundu. Penti ya acrylic, monga ya Vallejo, imasungunuka ndi madzi ndipo siinunkhitsa m'nyumba. Mabulashi awiri akukwanirani, nambala 0 ndi nambala 2, bola akhale a nsonga yabwino.

Pakhungu ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndimaona ntchito zambiri zikuwonongekera, ngakhale za anthu odziwa kupenta mayunifomu. Musatenge penti yakuda n'kupaka nkhope yonse. Nkhope imasowa, pamangotsala chinthu chakuda bii chopanda mphuno kapena masaya. Yambani ndi bulawuni wakuda wopendekera ku kufiira. Ukauma, sakanizani kabulawuni kowalirako pang'ono mupake pamene kuwala kumagwera: pachipumi, pamsana pa mphuno, pamwamba pa masaya, pachibwano, pamfundo za zala. M'maenje a maso ndi kunsi kwa chipewa lowetsanimo bulawuni wakuda kwambiri wosungunula ndi madzi ambiri. Zikhatho ndi zowalirako, monga mmene zanu zililimu. Maso musawapake zoyera mbee, apo ayi msilikaliyo aoneka ngati wadzidzimuka. Kamzere kakuda kokha n'kokwanira pa msinkhu umenewu. Pomaliza phimbani ndi vanishi wosanyezimira, popeza yunifomu ya ku nkhalango siinkawala. A Britains anu aja ndi onyezimira, ndipo kusiyana kumeneko kuzikhala kokoma m'maso akaima m'mashelefu awiri osiyana.

Samalani ndi misinkhu pogula, makamaka pa intaneti pamene chithunzi sichikuuzani kukula. Kupatula 54, pali asilikali a mamilimita 60 kapena kuti 1:30 a makampani monga King & Country a ku Hong Kong, amene amabwera opentedwa kale ndipo ndi okwera mtengo. Pali 1:35 ya Tamiya imene imayendera limodzi ndi akasinja omata nokha. Pali tating'ono ta 1:72, ndiye pali 28, imene amakonda anthu osewera nkhondo pathebulo. Mukasakaniza, wina amaoneka chimphona pafupi ndi mnzake. Muli ndi mwayi pokhala ku Leicester, chifukwa Nottingham ili pafupi kwambiri pa sitima, ndipo kumeneko ndi kuchimake kwa asilikali a mamilimita 28: makampani a Games Workshop, Warlord Games ndi Perry Miniatures onse ndi a kumeneko.

Musanapente kalikonse, fufuzani kaye kuti agogo anali m'bataliyoni iti. Funsani kumudzi ngati kunatsala chitupa chotulukira usilikali kapena mamendulo. Nyenyezi ya Burma Star imadziwika ndi kansalu kake, kofiira pakati, m'mbali buluu wakuda wokhala ndi mizere ya olenji. Mukadziwa nambala ya bataliyoni, ku National Archives ku Kew, ku London, kuli mabuku amene gulu lililonse linkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo a nkhondo ya ku Burma ali m'chigawo cha WO 172. Mayina a asilikali wamba satchulidwamo kawirikawiri, koma mudziwa kumene gulu lawo linagona, tsiku limene linawoloka mtsinje, ndi pamene linakumana ndi adani. Kwa ine gawo limeneli ndi lokoma kuposa kupenta kwenikweniko.

Tsopano ufa woyera uja, umene ndi nkhani yachangu kuposa zonse. Osonkhanitsa amautcha lead rot. Si nkhungu, ndiponso si matenda opatsirana, ngakhale umaoneka ngati ukufalikira. Chimachitika ndi chakuti mtovu umakumana ndi mpweya wa asidi wa mtundu wa viniga, pamalo a chinyezi, opanda mphepo yodutsa. Asidiyo amadya mtovu, kenako mpweya wa carbon dioxide umasandutsa chodyedwacho kukhala ufa woyerawo, n'kumasula asidi uja kuti akadyenso pena. N'chifukwa chake kaasidi kochepa kamatha kumaliza msilikali yense ngati watsekeredwa m'bokosi kwa zaka. Asidiyo amachokera ku zinthu zimene simungaziganizire: matabwa a oak, ma board a MDF ndi chipboard, makatoni ena, guluu woyera wa matabwa, ndi silicone ija imanunkha viniga ikamauma. Katoni imene munagulayo mwina inakhala zaka zambiri m'galaja kapena kudenga, ndipo m'nyumba za ku England chinyezi simuchita kuchifunafuna.

Chitani izi lero lomwe. Tulutsani onse m'katonimo, katoniyo mutaye. Awiri odwalawo aikeni paokha, osati poopa kupatsirana koma kuti muziwaona bwino komanso ufawo usadetse anzawo. Valani magolovesi ndi masiki, yalani pepala lonyowa pang'ono pathebulo, ndipo muchotse ufawo ndi kabulashi kofewa kouma. Musauuzire ndi pakamwa ndipo musakhule ndi sandipepa, chifukwa ufa umenewo ndi poizoni kuposa chitsulo chenichenicho ndipo umalowa m'thupi mosavuta. Pepalalo likulungeni mulitaye. Pamalo odyekawo ena amapakapo mafuta a mineral oil osakaniza ndi turpentine weniweni wochokera ku mitengo, n'kusiya kuti ziume kwa masiku angapo. Ena amaphimba ndi phula lopyapyala la Renaissance Wax, limene linapangidwira ntchito zosamala zinthu zakale ku British Museum. Ine ndimakonda phulalo chifukwa likhoza kuchotsedwa mtsogolo. Zonsezi zimangoimitsa vutolo. Mtovu umene wadyeka subwerera, ndipo ngati mwendo wafika pofumbutuka mukaukhudza, msilikali ameneyo ndi wongoyang'ana basi.

Pokhala pawo pakhale kabati yagalasi kapena yachitsulo, mashelefu agalasi, m'chipinda chimene mumakhalamo nokha, osati m'galaja. Muzitsegula chitseko chake nthawi ndi nthawi kuti mphepo isinthe, ndipo muikemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Dzuwa lisawafike chifukwa limafufutsa penti, makamaka yofiira. Ndipo popeza muyamba kumata ndi kupenta zatsopano, kumbukirani kuti guluu woyera amene anthu amamatira mchenga ndi udzu pansi pa asilikali atsopano ndi yemwe uja ndamutchula. Zimene mwangomata kumene zisalowe m'kabati imodzi ndi a mtovu. Mukadzaganiza zobwerera nawo kumudzi, malo otentha ndi achinyezi monga m'mbali mwa nyanja adzafuna kusamala koposa pa zomwezi.

Mayi a kunyumba pa nkhani ya ana akunena zoona, ndipo musatsutsane nawo. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene unganenedwe kuti ndi wosavulaza, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana aang'ono, chifukwa ubongo wawo ukukula komanso chilichonse amachiika m'kamwa. Penti yakale ya pa zidolezi nayonso ikhoza kukhala ndi mtovu. Kabatiyo ikhale ya kiyi. Mukawagwira sambani m'manja musanadye kapena kunyamula mwana. Musawaike pathebulo lodyera, ndipo musayese kusungunula mtovu m'khitchini kuti mukonze chothyoka. Ana akafuna kuthandiza, agulireni apulasitiki atsopano awoawo azipenta pambali panu. Mukachita zimenezi mayiwo akuona, theka la mkangano latha.

Theka linalo, lakuti ndi zachibwana, silitha ndi mawu, komabe dziwani kuti simuli nokha. M'manda a nduna ina ya ku Egypt yotchedwa Mesehti, ku Asyut, munapezeka asilikali osema pamtengo a zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, 40 a mikondo ndi 40 a mauta a ku Nubia, ndipo lero ali ku Cairo. Winston Churchill ali mnyamata anali ndi asilikali pafupifupi 1,500. Mpondamatiki wa ku America Malcolm Forbes anadzaza nyumba yake ya ku Tangier ndi asilikali otere, amene anadzagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Christie's mu 1997. Ku Kulmbach ku Germany kuli nyumba yosungira asilikali athyathyathya aja oposa 300,000. Ku Britain komweko kuli British Model Soldier Society, imene inayamba mu 1935, ndipo mukapita ku misonkhano yake mukapeza ambiri ndi a imvi. Koma zonsezi sizikhutiritsa mayi amene akuwerengera lendi ndi ndalama zotumiza kumudzi. Chimene chimakhutiritsa ndi malire: mugwirizane ndalama ya pamwezi imene simudutsa, ndi kabati imodzi, yakuti ikadzaza chatsopano chimalowa pokhapokha china chatuluka.

Malirewo akuthandizaninso inuyo. Amene amayamba ndi kugula chilichonse chooneka bwino, chaka chikamatha amakhala ndi Aroma atatu, Napoleon mmodzi, kasinja wopanda tayala ndi chikwama chopanda kanthu. Inu mutu mwaupeza kale popanda kuufuna. Asilikali a kwathu okha akhoza kukudyerani zaka: a Central Africa Regiment amene anatumizidwa ku Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900, a ku Somaliland kumene Alexander Cobbe, amene Cobbe Barracks ya ku Zomba inatengera dzina, anapatsidwa mendulo yapamwamba ya kulimba mtima ya Victoria Cross chifukwa cha zimene anachita pa nkhondo mu 1902, nkhondo ya ku Karonga ya mu Seputembala 1914, kuthamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Germany von Lettow-Vorbeck mpaka 1918, Abyssinia (Ethiopia), Madagascar, Burma, Malaya, mpaka 1964 pamene bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Nthawi iliyonse ili ndi chovala chake ndi chipewa chake. Ndingakondwe nditaona munthu wa kwathu akuikamonso amtengatenga, anthu amene ananyamula chakudya ndi zipolopolo pamutu ndipo anafa ochuluka ndi njala ndi matenda, koma saoneka kawirikawiri m'makabati a osonkhanitsa.

Pali mbali ina imene mlendo wa kwathu akabwera kunyumba kwanu adzakufunsani, ndiye muyambiretu kuiganizira. KAR inali gulu la nkhondo la atsamunda. John Chilembwe analemba kalata mu Novembala 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, ndipo pamene anaukira mu Januwale 1915, asilikali a KAR anali m'gulu la amene anatumizidwa kukathana naye. Zidole za Britains zinapangidwira ana a ku England kuti azinyadira ufumu wawo. Zimenezi sizichotsa kulimba mtima kwa agogo anu m'chigwa cha Kabaw, koma kabati imene imangoonetsa perete yokha imanena theka la nkhani. Kapepala kakang'ono kolembedwa bwino pafupi ndi gulu lililonse kamakwanira.

Pogula ena akale, chinthu choyamba ndi kuwatembenuza. Zolemba za kunsi zikhale zakuthwa, zowerengeka. Zikakhala zofufuma ngati zasungunuka, msilikaliyo n'kukhala wolemera komanso wocheperako pang'ono kuposa anzake, ndiye kuti wina anamuumba pogwiritsa ntchito weniweni ngati chitsanzo. Penti yobwereza imadziwika ikalowa m'maenje a pamene yakale inasupuka, kapena ikaphimba dothi la m'makwinya, kapena ikamanunkhabe. Katochi ka UV kamathandiza, chifukwa penti yakale ndi yatsopano sizioneka mofanana pansi pa kuwala kwake. Musagule pa chithunzi chimodzi chokha. Pemphani cha kunsi ndi cha kumbuyo, ndipo wogulitsa akamazengereza, dutsani. Bokosi nalo ndi chuma. A Britains ankabwera m'mabokosi ofiira aataliatali, atasokereredwa ndi ulusi pa kakatoni, ndipo popeza ana ankataya mabokosiwo tsiku lomwelo, gulu limene lili ndi bokosi lake limadula kwambiri kuposa lopanda. Pa okushoni ya makampani monga Vectis kapena C&T, kumbukirani kuti mtengo umene nyundo yagwera si umene mulipire. Amawonjezerapo gawo lawo, kawirikawiri loposa 20 peresenti, kuphatikizapo msonkho ndi zotumizira. Musanagule zambiri, pitani kaye ku London Toy Soldier Show mukagwire ndi manja asilikali ambirimbiri. Dzanja limaphunzira kulemera kwa weniweni msanga kuposa diso pa foni.

Za phindu ndiyankha mwachidule: musawerengerepo. A Britains anapanga asilikali mamiliyoni, ndipo wamba wopanda bokosi amagulidwa ndi mapaundi ochepa chabe. Ndalama zikuluzikulu zimene mumamva zimapita pa magulu osowa kwambiri, akale kwambiri, a penti yosakhudzidwa, okhala m'mabokosi awo. Komanso anthu amene ankasewera ndi asilikali a mtovu ali ana tsopano ndi nkhalamba, ndipo makabati awo akuthera ku okushoni, kotero ogulitsa zinthu wamba akuchuluka. Za masiku ano zolembedwa kuti limited edition, kutanthauza kuti anapanga zowerengeka, sizindikopa n'komwe, chifukwa aliyense wogula amasunga bwino pamodzi ndi bokosi lake, ndiye sizidzasowa. Mukagula mwanzeru n'kusamala, mwina mudzabweza gawo labwino la ndalama zanu tsiku logulitsa. Ya sukulu ya ana kapena ya malata a nyumba ya kumudzi isalowe m'kabatimo.

Otsala a m'katoni ija musawataye, ngakhale othyoka. Mukapeza wina mutu wake walumikizidwa ndi kamtengo ka machesi, musadabwe, ndi mmene ana ndi makolo awo ankakonzera asilikali a hollowcast, ndipo mitu, mikono ndi mfuti zothyoka zimagulidwa ndi anthu okonza. Patulani achitsulo ndi apulasitiki. Apulasitiki akale, monga a Herald ndi Timpo, ena amauma n'kumathyoka ngati bisiketi, ndiye musawapinde poyesa. Jambulani aliyense kutsogolo ndi kunsi, muwerenge mayina a opanga. Kupatula Britains mupezamo mwina Johillco, Crescent kapena Charbens, amenenso anali a ku England. Amene sakukhudzana ndi KAR agulitseni pamodzi ngati gulu limodzi, ndipo ndalama yakeyo ikhale yoyambira kugula kabati yagalasi ija.